Mawu Ojambulidwa Kuseri kwa Mpanda

Sajeni anapatsidwa mlanduwo ali chiimire, chikwama chikadali paphewa. Abwana a pasiteshoni sanamuuze n'komwe kuti akhale pansi. Anati munthu wokonza mawu m'filimu ija yautsa mapokoso m'tauni anapezeka dzulo masana atagwa m'chipinda chake chogwirira ntchito, mutu utang'ambika, ndipo ali kuchipatala, sakuyankhula. Woganiziridwa anali kale m'selo, chifukwa mlonda anamuona akukwera masitepe a kumbuyo filimuyo itangotha kuonetsedwa kwa akuluakulu.

"Ndi woyimbitsa kwaya wa kwa Mneneri," anatero abwanawo, maso ali pafoni. "Amphamvu andiimbira kale mbali zonse. Awa akuti mtulutseni, awo akuti mpanikizeni. Pomafika madzulo ndikhale nditadziwa woti ndimukhumudwitse."

Sajeni anati chabwino bwana, mawu ake osagwedera ngakhale pang'ono. Atatuluka anagwada m'khonde ngati akumanga chingwe cha nsapato, akupempha chamumtima kuti woganiziridwayo apezeke wosalakwa.

Pasiteshoni panalibe amene ankadziwa kuti woyimbitsa kwayayo anali chibwenzi cha Sajeni. Kutchalitchi nakonso sankadziwa, chifukwa Mneneri sankalola ana ake kukwatira kunja kwa mpingo, nanji mkazi wapolisi wovala thalauza. Ankakumana kuchipinda cha mwamunayo makatani atatsekedwa, iye akusita malaya a Lamlungu uku akuyimba chapansipansi, Sajeni atagona pabedi akumvetsera ngati munthu wopatsidwa tchalitchi chake chake. Anamukonda asanamuone nkhope. Tsiku lina anatumidwa kukalondera mapemphero a pabwalo, ndipo pa zokuzira mawu panatuluka liwu lomwe linamuiwalitsa kuti ali pantchito. Tsopano mwini liwulo anali kuseri kwa zitsulo, ndipo wokonza mawu uja akangotsirizika, mlandu ukhala wakupha.

Anamupeza m'selo atakhala pansi, nsapato zopanda zingwe, tayi atamulanda. Atamuona anadzambatuka, koma pokumbukira kuti wapolisi wa makiyi ali pomwepo anangoti, "Mwadzuka bwanji, bwana?" Sajeni anatuma wa makiyiyo kukatenga madzi akumwa.

Mwamunayo analumbira kuti sanamenye munthu. Anati bungwe lounika mafilimu linaitana atsogoleri a mipingo kuti adzaonere okha n'kuperekapo maganizo, ndipo Mneneri anamutenga kuti amunyamulire chikwama. Filimu itatha anakweradi pamwamba, koma anapeza chitseko chotseka, n'kubwerera. Atafunsidwa chimene ankafuna pamwambapo, poyamba anati chimbudzi. Kenako anati ankafuna kupempherera wokonza mawuyo.

"Chimbudzi kapena pemphero?" anafunsa Sajeni. "Sankhapo chimodzi. Woweruza sadzakupatsa zonse ziwiri."

"Wanga, ingondikhulupirira. Magazi a munthu uja sali m'manja mwanga."

Anamukhulupirira. Koma atamuuza kuti asadandaule, afukula chilichonse mpaka choonadi chipezeke, nkhope ya mwamunayo inagwa kuposa mmene inalili akulowa. Sajeni anatuluka nalo funso limenelo ngati kamwala m'nsapato.

* * *

Nyumba yokonzera mafilimu inali pamwamba pa shopu ya matayala. Pansi pake panali holo yaing'ono ya mipando ya pulasitiki, momwe chionetsero chinachitikira. Mwini filimu, bambo wa ndevu zosongoka amene sankavula chipewa ngakhale m'nyumba, anamulandira ngati walandira mtolankhani, ndipo sanadikire funso.

Anati filimu yake ndi ya kalekale, ya nthawi imene mlaliki wina anagwirizana ndi wolamulira dera kuti ayeretse mudzi. Mlalikiyo ankaloza afiti, wolamulira ankapereka anyamata, ndipo afiti onse ankapezeka kuti ndi akazi amasiye okhala ndi minda yabwino. Anati iye sanatchule munthu wamoyo. Ngati mlaliki wa m'filimu amavala suti yoyera ngati ya Mneneri, ndiye suti zoyera zinatha m'masitolo? Ngati wolamulirayo amaseka ngati Olemekezeka a dera lino, ndiye kuseka kuli ndi mwini wake? Vuto, anati, ndi lakuti chisankho chayandikira, ndipo mavoti a Olemekezeka amagona m'tchalitchi cha Mneneri.

"Mwezi wathunthu akunditukwana paguwa, mayi, filimu asanaione. Dzulo aiona, lero munthu wanga ali gone. Mukufufuzanso chiyani? Kamangeni mpingo wonse."

Sajeni anapempha kuona chipinda. Makoma ake anali omatidwa matiresi akale ndi mathireyi a mazira kuti phokoso la mumsewu lisalowe. Magazi anali atauma pansi, pafupi ndi chitsulo choimikapo maikolofoni chimene chinagwira ntchito ya chibonga. Kompyuta inali pamalo pake, kamera yodula ili patebulo, filimu yonse ili momwemo yosakhudzidwa. Munthu wobwera kudzapha filimu akanaswa zimenezo. Chimene chinasowa chinali chimodzi: pansi pa mpando panali kachingwe koduka, ndipo mwini filimu anati wokonza mawu ankamangirirapo fulashi yake m'khosi.

"Amagona nayo, amasamba nayo. Ine sindinaikhudzepo."

Mipando inali iwiri, yoyandikana, yoyang'ana masipika. Mahedifoni analinso awiri. Ndipo m'mphepete mwa tebulo munali ndolo ziwiri zazing'ono, zoikidwa bwinobwino, ina pafupi ndi inzake.

Mwini filimu anaseka koyamba. Anati mkazi amavula ndolo akafuna ndewu, afunse akazi ake. Sajeni sanaseke. Anatenga mahedifoni n'kuvala, ndipo anamva mmene amapanira makutu. Mkazi amavulanso ndolo akafuna kumvetsera chinthu bwinobwino. Amene anakhala pampando uwu sanathyole chitseko. Anachita kulandiridwa, kupatsidwa mpando, n'kumvetsera kaye.

Anafunsa chimene chinali chachilendo ndi mawu a filimuyi. Apa mwini filimu anafufuma. Anati pojambula chigawo chootcha mkazi wamasiye anasonkhanitsa khwimbi la anthu n'kuwauza kuti akuwe, koma ankangoseka, phokoso lawo ngati la ochemerera mpira. Anatsala pang'ono kutaya filimu yonse. Wokonza mawu anangoti ndisiyireni. Atabweretsa ntchito yake, munali kulira kwa mayi kolasa mtima, ndipo mwini filimu sanadye tsiku limenelo.

"Mmene anapangira sindikudziwa. Dzulo chigawo chimenecho chitafika, m'holo munalibe wotsokomola."

* * *

Mneneri anamulandira m'ofesi yonunkhira mafuta odzola, atakhala pampando waukulu kuposa tebulo lake. Ankayankhula pang'onopang'ono, maso otsinzina theka, ngati aliyense ali m'pemphero kupatula iyeyo.

Anati mwana wake wa kwaya ndi nkhosa, sangaphe ngakhale nsikidzi. Anavomera kuti mnyamatayo anatuluka thukuta m'holo muja mpaka malaya kumatirira, koma anati ndi mzimu umene unkalimbana ndi mdima. Za wokonza mawu anati munthu akamasewera ndi zinthu za mumdima, zimamutembenukira zokha, apolisi asadzivute kufuna dzanja la munthu.

Sajeni anamukumbutsa kuti mwezi wonse wakhala akudandaula za suti yoyera.

"Suti ndi nsalu, mwana wanga. Zithunzi ndi masewera a ana. Koma phokoso lija si labwino. Likapezeka komwe analisunga, lisalowe m'makutu a anthu. Mubwere nalo kuno tidzalipempherere, tiliotche."

Ali panja Sajeni anaima pamthunzi wa galimoto ya Mneneri. Munthu amene ankadana ndi zimene sanaone tsopano anali atakhululukira zonse zimene anaona. Chotsala chinali chimene anamva.

* * *

Kuchipatala wokonza mawu anali chigonere, mutu wokulungidwa mabandeji, chubu m'mphuno. Mkazi wake anakhala pambali, akuthamangitsa ntchentche ndi chikuto cha buku. Sajeni anamuonetsa ndolo zija m'kapepala ka pulasitiki, n'kufunsa mosamala ngati ndi zake, kapena ngati bambo anali ndi mnzawo wina wamkazi.

"Chibwenzi? Awa?" Mayiyo anaseka kuseka kouma. "Akanakhala nacho bwenzi ndikuthokoza, mwina akanaphunzira kupesa tsitsi. Mkazi mnzanga ine ndi kafulashi kaja."

Anati mwamuna wake amajambula chilichonse chomveka: mvula padenga la malata, agalu, msika, ngakhale mkonono wa apongozi ake. Sajeni atafunsa zomwe zinali mu fulashimo, mayiyo anasiya kukupiza. Anayang'ana mwamuna wake nthawi yaitali, ngati akudikira kuti amuletse. Kenako anayankhula chapansipansi, chifukwa pabedi loyandikana panali anthu.

Zinachitika zaka zapitazo, akukhala kudera lina la m'tauni momwemo. Kunali mapemphero a pabwalo, ana angapo atamwalira ndi matenda otsegula m'mimba. Mlaliki wina, amene nthawiyo analibe galimoto kapena dzina lakuti Mneneri, analoza nyumba ya mayi wina wamasiye. Anthu anakhamukira kumeneko dzuwa likuswa mtengo, anyamata ovala malaya a chipani atanyamula zigubu za petulo. Mwamuna wake ankachokera kojambula phokoso la msika, makina ali m'chikwama. Anagona kuseri kwa mpanda wa nyumbayo, n'kulowetsa maikolofoni pampata.

Atafika kunyumba anasanza pakhomo. Mkazi wake anamuuza kuti apite nazo kupolisi, iye anati ukufuna andiotche nanenso? Anamuuza kuti ndiye azitaye, iye anati mawu abwino satayidwa. Pamalo pomwe panali nyumba ya mayi uja pano pali nyumba zochititsa lendi za Olemekezeka, ndipo palibe amene anamangidwapo.

"Ndiye kulira kwa m'filimu muja," anatero Sajeni.

"Si kosewera, achemwali. Ndinawauza kuti munthu uja anali ndi abale. Ankati ali ndi mwana wamkazi wophunzitsa sukulu kutali. Awa anangoti ndani angazindikire kulira?"

Sajeni anatulukira m'khonde n'kuimbira mwini filimu. Anamufunsa kuti pachionetsero panali akazi angati. Anati mmodzi yekha, mphunzitsi wa kusekondale amene amakhala nawo m'bungwe lounika mafilimu. Koma ameneyo amusiye, anatero, ndi mayi waulemu. Azibambo onse ankalalata, iye yekha anangofunsa funso limodzi, kuti anakonza mawu a chigawo cha moto ndani, ndipo angamupeze kuti kuti amuthokoze.

* * *

Ana anali ataweruka. Mphunzitsiyo anali yekha m'kalasi, akufufuta bolodi kuyambira pamwamba, mzere ndi mzere. Anali mayi wamtali, wa imvi zoyamba kumene, bulauzi yomangidwa mabatani mpaka m'khosi. Sajeni anaika ndolo zija padesiki.

Mayiyo anamaliza kaye kufufuta. Anapukuta choko m'manja, n'kukhala pansi.

"Mwachedwa," anatero. "Ulendo uja simunabwere n'komwe. Uno mwangochedwa chabe. Ali moyo?"

Sajeni anati akupuma.

"Ndi bwino. Sindinapite kukapha."

Anafotokoza mwadongosolo ngati akuphunzitsa. Tsiku limene amayi ake anaphedwa iye anali kutali, ndipo atafika anapeza phulusa ndi anthu osadziwa kanthu. Anayenda kupolisi mpaka nsapato kutha, yankho lili lomwelo, kuti palibe mboni. Anasiya. Anaphunzira kukhala nazo. Ndiye dzulo, atakhala pakati pa abusa ndi akuluakulu a bungwe, akuonera mtsikana wopakidwa imvi zabodza akukokeredwa pamoto wabodza, anamva amayi ake akulira. Mwana sasokoneza kulira kwa mayi ake, anatero, ngakhale atakusakaniza ndi ng'oma.

Anakwera pamwamba n'kudziyesa wosilira luso. Wokonza mawu anakondwa, anamupatsa mpando, anati poti ndinu a bungwe ndikumvetserani chinthu chomwe sindinamvetserepo munthu. Anavula fulashi, anaiika pakompyuta, n'kuibwezera m'khosi itatha. Mphunzitsi anamvetsera zonse, kuyambira pachiyambi. Anamufunsa ngati anakuwa, ngati anathamangira kukaitana anthu. Bamboyo anati akanakuwa akanawononga zojambulazo. Ndipo anayamba kufotokoza ntchito imene anagwira poyeretsa mawuwo, kuchotsa mphepo, kuchotsa kulira kwa galu.

"Anandiuza kuti anadulanso pamene amayi ankaitana dzina langa," anatero mphunzitsi, akuyang'ana bolodi lopanda kanthu. "Anati m'filimumo munalibe munthu wa dzina limenelo, likanasokoneza oonera. Chitsulo chija chinali pafupi ndi dzanja langa."

Sajeni anamva chinthu chochititsa manyazi chikukwera m'chifuwa mwake: chimwemwe. Wake sanalakwe. Madzulo ano atuluka. Anafunsa ngati panabwera munthu wina pakhomo, ndipo mphunzitsi anati wina anagogoda akumvetsera, wokonza mawu anakuwa kuti abwerenso nthawi ina, n'kupita. Zonse zinagwirizana.

Mphunzitsi anatsegula chikwama, anatulutsa kompyuta ya m'manja ndi fulashi ya kachingwe koduka. Anati asanapite kulikonse, wapolisi mmodzi yekha pa dziko lino amvetsere. Sajeni akanatha kukana. Anavala mahedifoni.

Poyamba kunali mapazi, ambirimbiri, ndi chitseko chikumenyedwa. Kenako liwu la Mneneri, lachinyamata ndi losasa, likulamula kuti amutulutse. Mayi wina ankapempha. Sankapempha khamu, ankapempha anthu mmodzimmodzi: iwe ndinakubereka kumsana, iwe amako ndinawasambitsa akudwala. Kunamveka chigubu chikutsegulidwa. Mayiyo anaitana dzina la mwana wake, kawiri, katatu, ndipo kenako anayamba kulira kuja kumene kunalowa m'filimu. Khamu linazizira. Kunamveka ena akubwerera m'mbuyo, mayi wina akuti basi zakwana, mwana akulira. Zinkaoneka kuti zithera pomwepo.

"Yimbitsa, mwana wanga," linatero liwu la Mneneri pafupi ndi mpanda. "Yimbitsa msanga."

Munthu anakoka mpweya. Ndipo liwu linakwera lokha pamwamba pa kulirako, loyera, losanjenjemera, likuyambitsa nyimbo ya chigonjetso. Linayimba mzere woyamba lokha. Pa mzere wachiwiri khamu linalandira, mapazi anabwerera kutsogolo, ndipo mayi uja sanamvekenso.

Sajeni ankalidziwa liwulo kuposa lake lomwe. Ankadziwa pamene limakokera mpweya, pamene limapindira mawu ngati likumwetulira. Anavula mahedifoni n'kuwaika padesiki mosamala, ngati angasweke.

"Mwazindikiramo wina?" anafunsa mphunzitsi.

"Mneneri," anayankha Sajeni. "Ameneyo basi."

Mphunzitsi anamuyang'ana pang'ono, kenako anamupatsa fulashiyo m'manja. Anati munkati palibe mboni, mboni ndi imeneyo. Anavala ndolo zake, anatseka mazenera a kalasi, n'kutsogola yekha.

* * *

Anasiya mphunzitsi pabenchi la pakauntala n'kupita kuselo. Anauza wa makiyi kuti akufuna kufunsa woganiziridwa payekha.

Sanamuuze zambiri. Anangomuonetsa fulashi ili pachikhatho. Mwamunayo anaiyang'ana, kenako anakhala pansi pang'onopang'ono, msana ukutsetsereka pakhoma.

Anati anali mwana nthawi imeneyo, wangolowa kumene kwaya. Anati sanagwire mwala, sanagwire chigubu, sanayandikire n'komwe moto. Dzulo atadzimva m'holo muja anafuna kufa, ndipo anakwera pamwamba kukapempha wokonza mawu kuti achotse nyimboyo, basi. Sajeni anamufunsa ngati tsiku lija ankamva mayiyo akulira. Anati ankamva. Anamufunsa ngati anaona kuti anthu ayamba kubwerera.

"Papa Mneneri anati ndiyimbe. Ndinangoyimba, wanga. Kuyimba ndi mlandu?"

"Unayimba bwino," anatero Sajeni. "Sunaphonye ngakhale pamodzi."

Mwamunayo anakwawa n'kugwira zitsulo. Anati kanthu kakang'ono ngati kameneka kakhoza kugwera m'chimbudzi, palibe angadziwe. Wamenya munthu wapezeka, iye atuluka, moyo upitirira. Anati zinthu zikazizira akagwada kwa Papa, akapempha chilolezo, adzakwatirana masana anthu akuona, osati zobisalazi. Ankayankhula ndi liwu lomwe lija, lofewa, ndipo choipa chinali chakuti linkamugwirabe Sajeni penapake pansi pa nthiti.

Sajeni anadutsadi pakhomo pa chimbudzi. Anaima. Kenako anapitirira mpaka ku ofesi ya abwana.

Anapezamo Mneneri ndi loya wake, mabotolo a zakumwa zoziziritsa kukhosi ali patebulo. Sajeni anaona kuti mpata ndi womwewu: pamaso pa anthu atatu, chitseko chili chotsegula, palibe angakwirire. Anapereka lipoti lake mwachidule. Woyimbitsa kwaya sanamenye munthu, womenya wavomera ndipo ali pakauntala. Mneneri anakweza manja kumwamba. Sajeni anati pali umboni woti umveke, ndipo asanayankhidwe anabaya fulashi pakompyuta ya abwana n'kukweza mawu mpaka kumapeto.

Mapazi anadzaza ofesi. Liwu losasa linalamula kuti amutulutse. Apolisi awiri anaima pakhomo. Abwana anamvetsera mpaka pamene chigubu chinatsegulidwa, kenako anatambasula dzanja, anazula fulashi, n'kuiponya m'thumba la malaya, n'kumanga batani.

"Umboni uwu ndi waukulu, Sajeni. Ndiusunga ndekha."

Mneneri anapukusa mutu mwachisoni. Anati masiku ano makina amatha kupanga liwu la munthu aliyense, ngakhale la mtumiki wa Mulungu, dziko latha. Loya anati mwamwayi bungwe laletsa kale filimuyo masana omwewo, ndipo makompyuta a pamwamba pa shopu ya matayala atengedwa kuti asungidwe. Abwana anati mphunzitsiyo aimbidwa mlandu wofuna kupha, chifukwa chake sichikufunika, mwina mutu wa mayiyo sukuyenda bwino. Anathamangitsa apolisi a pakhomo ndi diso. Kenako anamuyamikira Sajeni, anati wagwira ntchito ngati mwamuna, ndipo dzuwa lisanalowe.

Woyimbitsa kwaya anamudutsa m'khonde, zingwe za nsapato ndi tayi zili m'manja. Sanadziwe zimene zinachitika mu ofesi, anangoona kuti akutuluka. Anachepetsa liwiro, n'kunong'ona kuti zikomo wanga, ndikudikira mawa, makatani ndidzatseka. Panja amayi a mpingo anayamba nthungululu. Sajeni anali atapeza chimene anapempha m'mawa atagwada m'khonde lomweli.

* * *

Selo ya akazi inali kumapeto kwa khonde. Sajeni anatenga makiyi yekha. Mphunzitsi anavula lamba ndi wotchi popanda kuuzidwa, analowa, n'kukhala pabenchi la simenti, msana uli chilili.

"Abwana anu amvetsera?"

Sajeni anati amvetsera. Mphunzitsi anafunsa komwe fulashi ili, ndipo atamva sanalire kapena kukalipa. Anangogwedeza mutu ngati mwana wapereka yankho lolakwika lomwe ankaliyembekezera.

Anati palibe kanthu. Kukhoti adzamufunsa ngati akuvomera mlandu, ndipo adzamupatsa mpata woyankhula. Iye adzatchula Mneneri, koma anthu adzati ndi wamisala, ndipo Mneneri ali ndi loya. Chimene ankafuna chinali munthu mmodzi wa m'khamu lija amene angaitanidwe n'kufunsidwa kuti anaima pafupi ndi ndani, anatumidwa ndi ndani. Ndiponso munthu wina wamutu wabwino woti adzaime n'kunena kuti anamva zojambulazo ndi makutu ake zisanasowe.

"M'kalasi muja munandinamiza," anatero mofatsa. "Ndaphunzitsa ana zaka zambiri. Nyimbo ija itayamba munasiya kupuma."

Sajeni anaima ndi makiyi m'manja. Ankadziwa mafunso amene loya adzamufunse. Liwu limeneli mumalidziwa bwanji chonchi, Sajeni? Munalimvera kuti? Ndiye munafufuza mlandu wa chibwenzi chanu osauza abwana anu? Yunifolomu adzamuvula tsiku lomwelo, ndipo kuchipinda cha makatani kuja sadzapondakonso. Panja kwaya inali itasonkhana, ndipo mwamuna uja ankaikana nyimbo mwamanyazi, amayi akumukakamiza kuti ayambitse.

Dzina la mwamunayo anali asanalitchulepo pamaso pa munthu wina aliyense. Ankaganiza kuti tsiku loyamba kulitchula adzakhala atavala zoyera, akuseka, anthu akumuuza kuti akweze mawu.

Anakhala pansi pakhonde, kunja kwa zitsulo, n'kulitchula. Mphunzitsi anamupempha kuti abwereze kuti asadzaliiwale. Sajeni anabwereza, lonse lathunthu, ndi la bambo ake lomwe.

"Mudzandiitane," anatero. Kenako anadzuka n'kukhoma chitseko.